Kuwaza Chipika Chachikulu

Nkhwangwa yathu yakumudzi sinasulidwe kuti iziwaza zipika zikuluzikulu. Ndi chitsulo chopyapyala, chotambalala kukamwa, chosongoka kumchira, ndipo mchirawo umalowa pabowo limene wosema amaboola ndi chitsulo chamoto pamutu pa mpini. Potema mtengo woimirira, posadza nthambi, polambula munda, palibe chida choiposa. Koma ikakumana ndi chipika choti munthu mmodzi sangachifungatire, imadumpha, kapena imalowa pang'ono n'kukaniriramo, mwini wake n'kulimbana nayo mpaka kuguluka pampini. Ndakhala ndikulingalira za kuchepa mphamvu kwa nkhwangwayi, ndipo ndikuona kuti kwa zaka zambiri n'kumene kunkatchinjiriza mitengo ikuluikulu ya kwathu ku Mwanza.

Amayi athu popita kunkhuni sankayang'ana mitengo ikuluikulu. Ankafuna nthambi zouma zosaposa mkono kunenepa, zothyoka ndi chikwanje kapena zokoledwa ndi ngowe, zoti zimangike mtolo ndi luzi n'kukhazikika bwino pankhata. Pamafuwa sipafuna zambiri: nkhuni zitatu kapena zinayi zolozetsana mitu pansi pa mphika, mayi n'kumazisonkhezera pang'onopang'ono, nsima ikapsa n'kuzifumula kuti zidzagwirenso ntchito madzulo. Mtengo waukulu unkasiyidwa, osati poti anthu anawerenga malamulo a nkhalango, koma poti kuugwetsa kunkadya tsiku lathunthu, kuudula zidutswa kunkadya sabata, ndipo kuuwaza kunkaposa mphamvu za munthu mmodzi. Ukagwa wokha unkagona pomwepo zaka, ana akusewerapo, bowa akumera, chiswe chikudya mwakachetechete. Munthu akaufunitsitsa, ankasonkha moto patsinde n'kumadikira.

Mango wa pakhomo pathu anagwa m'mwezi wa Malichi 2023, masiku amene namondwe wa Freddy anakhuthula mvula m'chigawo chakummwera. Kwathu sikunaoneke zoopsa zonga za ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, kumene mapiri anagumuka n'kukwirira anthu, koma nthaka inakhuta madzi mpaka mizu inaleka kugwira. Mtengowo unapendekeka usiku, ndipo kutacha tinaupeza utagona, mizu ili m'mwamba, utaphonya khola la mbuzi pang'onong'ono. Anaubzala ndi agogo aamuna atabwerako ku Salisbury, kumene ankagwira ntchito monga amuna ambiri a dera lino amene ankadzera njira ya ku Tete. Amayi anakula ukubereka kale. Pansi pake ndi pomwe tinkatong'olera chimanga, kulandirira alendo ndi kukambira nkhani za pabanja zosayenera kumveka kubwalo la amfumu.

Nthambi sizinachedwe, azimayi a m'mudzi anagawana, aliyense ndi mtolo wake. Linatsala ndi thunthu. Mvula itakata kunabwera mnyamata wochokera kuboma ndi makina ake odulira mitengo oyendera petulo, ndipo dzuwa lisanapendeke thunthu limene linakula kwa mibadwo iwiri linali litasanduka zipika, chilichonse cholekeza m'bondo, zina zotambalala moti mwana akanatha kugonapo. Analandira ndalama zake, n'kumangirira makinawo panjinga yamoto, ulendo. Ntchito imene inatsala makinawo saidziwa.

Amalume, amene ndiwo mwini mbumba kwathu, anatulukira m'mamawa ndi mtengo wautali wa bulugamu paphewa. Atandipeza ndikuyang'anitsitsa chipika cha kutsinde, chachikulu kuposa zonse, anati, "Mphwanga, chimenecho sanyamula. Msana ndi umodzi, ukathyoka sagula wina." Chipika chachiwisi chimalemera kuposa mmene maso amaonera, pakuti pafupifupi theka la kulemerako ndi madzi. Chimene amachita ndi kuika mwala pafupi, kulowetsa nsonga ya mtengo wautaliwo kunsi kwa chipika, n'kutsamira kumapeto kwake. Chipika chimadzuka, wina n'kukankhirapo mwala kunsi kuti chisabwerere. Mukatero kangapo chimaima chammbali, ndipo chikaima chotero ngakhale mnyamata amachigubuduza. Kwathu n'kwa zitunda, choncho kumunsi kwa chipika sikuima munthu, mwana kapena chiweto. Zalanso sizilowa pansi maso asanaone, chifukwa chipika chikagona milungu ingapo kunsi kwake kumakhala zinkhanira ndi anamkalizi, nthawi zina njoka.

Kuwaza kumayamba ndi maso. Chipika chikadulidwa n'kukhala padzuwa, pamwamba pake pamatuluka ming'alu yochokera pakati kulowera kukhungwa, ndipo m'menemo ndi momwe mtengo wavomera kale. Amalume anachizungulira akuchipapasa ndi chikhatho, n'kuloza pamene panatuluka nthambi kalekale. "Apa usatemepo, pali mfundo. Pakatinso usiye kaye. Yamba m'mphepete, uzichisenda." Wosazolowera amafuna kuchigawa pawiri ndi nkhwangwa imodzi yamphamvu, koma pakati ndi pomwe chipika chagwirana mbali zonse. M'mphepete, chikhatho chimodzi kuchokera kukhungwa, mulibe chochigwira kunja. Mukatema motsata mmene khungwa lazungulirira, chibanthu chimabanthuka. Mumayenda chozungulira chotero, chibanthu ndi chibanthu, chipika n'kumacheperachepera, chikutuluka ngodya, ndipo pofika pamtima pake chimakhala chitafooka.

Mango komabe sagonja msanga. Ulusi wake umapotana mkati, moti chibanthu chimang'aluka kumtunda koma kumunsi n'kumagwirabe. Apa ndi pomwe pamafunika zikhomo. Za amalume n'zachitsulo, zosulidwa ndi mmisiri wa pamsika kuchokera ku sipuling'i ya lole yakutha, chitsulo chomwecho chimene amasulira nkhwangwa. Choyamba amachikhoma pang'onopang'ono pamng'alu, chakukhungwa, mpaka chiime chokha, kenaka n'kuchimenya ndi hamala yaikulu. Mng'alu ukayasama, chachiwiri chimalowa patsogolo, choyamba chija n'kumasuka. Zachitsulo zikamira zonse mng'alu usanafike pansi, amasema zamtengo wouma wolimba, zonenepa, n'kuzikhoma ndi chibonga. Amene ali ndi chikhomo chimodzi chokha asayambe n'komwe, chifukwa chikamira alibe chochitulutsira. Nkhwangwa nayo ikakanirira saipotoza chammbali, angathyole mchira; amaigwedeza chokweza ndi chotsitsa, ikakana n'kukhoma chikhomo pambali pake mpaka chipika chiilavule.

Pali tina tating'onoting'ono timene wowaza aliyense amadziwa popanda womuuza kawiri. Usiku woti mawa kuli ntchito, mutu wa mpini umagona m'madzi kuti utupe n'kugwira chitsulo, pakuti nkhwangwa yoguluka m'malere siisankha pokagwera. Miyendo imaima motalikirana, mawondo opinda pang'ono, kuti ikaphonya ikathere m'dothi osati pamsongolo. Ana amawathamangitsira kutali chifukwa cha zibanthu zouluka. Ndipo ntchitoyi ndi ya m'mamawa. Dzuwa likafika pamutu manja amatuluka thukuta, mpini n'kumaterera.

Chimene ndimakonda pa zonsezi ndi kumvetsera. Poyamba hamala ikagunda, chikhomo chimalira mokweza, ngwee, ngwee, ndipo kunjenjemera kwake kumakwera m'mikono mpaka m'mano. Kenaka kulirako kumatsika, kumamveka kwa pansipansi, di, di. Mukaima n'kutchera khutu mumamva chipika chikuthetheka chokha mkati, ulusi ukuduka umodziumodzi popanda woumenya. Pamenepa amalume amaika hamala pansi n'kukhala pachipika china. "Chisiye, chikugwira ntchito chokha." N'zoona. Chikhomo chikakhala chikukankha, mng'alu umatsika wokha pang'onopang'ono, ndipo wopupuluma amangotaya mphamvu pomenya chinthu chimene chikanagonja akanadikira. Pamapeto pake kumenya kumodzi kosanenepa n'komwe kumakwana, chipika n'kutseguka pawiri, mkati muli mbuu, monyowa, mukununkhira utomoni. Nthawi iliyonse zikatero ndimakhala kaye chete ndisanatole nkhwangwa. Ndimakhala ndikuona mkati mwa mtengo umene ndakhala pansi pake moyo wanga wonse, malo amene dzuwa silinaonepo.

M'chipika china tinapezamo msomali wadzimbiri, utamira chikhatho chathunthu kuchokera kukhungwa, pozungulira pake pali bii. Palibe amene anakumbukira woukhoma. Achemwali anga aakulu anati mwina ndi pomwe agogo aakazi ankamangirira chingwe choyanikira zovala. Mtengo unaumeza n'kupitiriza kukula, chaka ndi chaka, ife tikudutsa pomwepo osadziwa. Mizere ya zaka pa mango sioneka bwino monga imaonekera pa mlombwa, koma ndinkayang'anabe mtunda wochokera pamsomali kufika kukhungwa n'kumaganiza zimene zinachitika m'kati mwa chikhatho chimodzicho. Muli chilala cha 1992. Muli njala ya 2001 mpaka 2002, pamene mabanja ambiri ankagonera mango aawisi ophika, ndipo mtengo womwewu unadyetsa nyumba zoposa yathu. Muli maukwati, zinkhoswe ndi maliro onse amene anthu anakhalira mumthunzi wake. Zonsezo tsopano zinali pansi pa nkhwangwa yanga, ndipo mawa lake zinkayenera kuphika nyemba. Sindinaone cholakwika pamenepo, pakuti mtengo unagwa wokha ndipo mphika uyenera kuwira. Chimene ndinaona n'chakuti munthu amene wawaza yekha chipika chotere sasonkha moto mosasamala.

Mtengo uliwonse uli ndi khalidwe lake, ndipo wowaza amaudziwa ndi manja. Bulugamu amafuna kumuwaza akadali wamuwisi. Mukamusiya aume amalimba mpaka nkhwangwa kumangodumpha. Malaina ndi wopepuka, amawazika mosavuta koma moto wake ndi wa kanthawi. Mkuyu ndi utsi wokhawokha. Mombo ndi anzake a m'nkhalango zathu za kumapiri amayaka mofatsa n'kusiya makala ofiira oti n'kuotcherapo chimanga. Muwanga amabunthitsa nkhwangwa. Ndipo kumunsi kotentha, cha ku Lisungwi ndi ku Zalewa, kuli tsanya, mtengo wolemera moti umamira m'madzi, umene chiswe chimaulephera, umene chikuni chake chimodzi chimafikitsa moto m'mawa. Ubwino umenewu ndi umene wautha. Mukamayenda pamsewu wochokera ku Blantyre kubwera kuno, taonani mitengo ikuluikulu imene yatsala chiimire m'minda ya m'chigwa: yambiri ndi milambe. Mlambe mkati mwake ndi wofewa, wodzaza madzi, suyaka, sutulutsa makala, suchekeka matabwa. Wapulumuka chifukwa moto suufuna. Ina yonse imene moto umaifuna inapita.

Sizinachitike tsiku limodzi. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, Malawi analandira othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo Mwanza, pokhala m'malire, analandira ambiri. Kunali misasa ku Chifunga ndi ku Luwani, malo amene lero ali m'boma la Neno chigawikireni maboma awiriwa mu 2003, ndipo ena ankangokhala m'midzi mwathu momwemu. Sanali alendo kwenikweni. Ambiri anali abale, olankhula chinenero chathu chomwechi, amene malire anangowadutsa pakati. Ankalandira ufa ndi nyemba, koma nyemba sizipsa popanda nkhuni, ndipo nyumba sizimangika popanda milimo. Mitengo yozungulira misasa inatha, azimayi n'kumapita kutali chaka ndi chaka. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anabwerera kwawo, ndipo ambiri a ife tinaonanso zofananazo ku Kapise mu 2015 ndi 2016. Sindingamuloze chala munthu wothawa mfuti chifukwa chophikira ana ake.

Chimene chinadya nkhalango koposa ndi mzinda. Blantyre ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Mwanza, msewu ndi wa phula, ndipo mbaula za ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chirimba zimayaka tsiku lililonse. Kafukufuku wa 2007 wotchedwa Charcoal: The Reality anapeza kuti mizinda inayi ya dziko lino inkagwiritsa ntchito matumba a makala oposa 6 miliyoni pachaka, ndipo zimenezi zinkadya nkhalango ya mahekitala pafupifupi 15,000 chaka chilichonse. Mwanza ndi Neno anali m'gulu la madera amene ankadyetsa Blantyre. Uvuni wa dothi umene amaotchera makalawo ndi wowononga: pa makilogalamu 100 a nkhuni, kawirikawiri sipatuluka makala oposa makilogalamu 20, zotsalazo zimathera mu utsi. Ndipo wootcha makala amakonda chipika chachikulu, chifukwa safunika kuchiwaza. Amangochigubuduzira pamulu, kuchifunditsa udzu ndi dothi, n'kuyatsa. Lamulo la nkhalango la 1997 lilipo, linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo pamlatho wa Zalewa matumba amalandidwa. Komabe matumba aja ali ndandanda m'mbali mwa msewu, ndipo anyamata okankha njinga zolemedwa amadzuka nkhuku zisanalire.

Anyamatawo ndimawadziwa, ena tinaphunzira limodzi. Amene munda wake wakana, manachesi sanabereke, mwana akufuna ndalama ya sukulu, amayang'ana phiri chifukwa palibe kwina koyang'ana. Wogula m'tauni nayenso sindimuda. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa 95 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo ngakhale amene ali ndi magetsi amasunga mbaula pakhonde podziwa kuti azima. Dothi lokokoloka m'mapiri ometedwa limatsikira mu Lisungwi ndi mu Mkulumadzi n'kukathera mu Shire, kumtunda kwa Kapichira. Namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo mdima uliwonse wa m'tauni unkasanduka thumba lina la makala lochokera kuno. Pamene zonsezi zikuchitika, sitima yaitali ya malasha a ku Moatize imadutsa m'boma lathu kupita kudoko la Nacala, ndipo mayi wosenza mtolo amaima kaye kuti idutse. Zimandiwawa ndikaona zimenezi, ngakhale ndikudziwa kuti malashawo si ophikira nsima.

Makina odulira mitengo aja ndi amene achotsa mpanda womaliza. Sindikuwanyoza, popanda iwo thunthu la mango wathu likanagona pabwalo mpaka kuola. Koma ntchito imene inkafuna amuna angapo, masiku ambiri ndi chilolezo cha mudzi wonse, lero imatheka ndi munthu mmodzi ndi botolo la petulo, dzuwa lisanalowe. Kale amene akufuna kugwetsa mtengo waukulu ankamveka: kulira kwa nkhwangwa kunkafika kwa amfumu iye asanafike theka, ndipo panali nthawi yoti wina abwere kudzafunsa kuti, "Kodi mwauza yani?" Lero pomwe wofunsayo akuvala nsapato, mtengo wagwa kale. Popeza ya m'tchire yachepa, makinawo alowa m'midzi. Zipika zimene mumaona zitaunjikidwa pambali pa uvuni wa njerwa masiku ano zambiri ndi za mango, zina za bwemba, mitengo yodyetsa anthu. Boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zake ndi nyumba zikuluzikulu zamalonda mu 2018, koma nyumba ya munthu wamba ikumangidwabe ndi njerwa yootcha, ndipo uvuni umafuna zipika zonenepa zoti ziyake usana ndi usiku. Mwini mango amalandira ndalama yokwanira thumba la chimanga, mwina awiri, pa mtengo umene ukanaberekera zidzukulu zake.

Panali chipika chimodzi chimene sitinachiwaze. Ndi cha pamphanda, pomwe thunthu linagawikira nthambi zitatu, ulusi wake wolukanalukana ngati nkhata. Alamu anga, amene mphamvu ali nazo, anachiyesa ndi zikhomo zonse, koma chinkangozilavula. Ndinafunsa kuti, "Amalume, nanga ichi titani nacho?" Iwo anati, "Chigubuduzireni kuseri kwa nkhokwe, muchikhazike pamiyala. Chili ndi tsiku lake." Sanafotokoze, ndipo panalibe wofuna kufotokozeredwa. M'mudzi uliwonse mumafunika chikuni cha pamaliro. Zovuta zikagwa, azimayi amagona m'nyumba ya siwa, azibambo n'kuchezera panja, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo ya kumapiri kuno imalowa m'mafupa. Nkhuni zowaza zimatha pakati pa usiku. Chofunika ndi chikuni chamfundo, chouma bwino, chimene chimanyeka pang'onopang'ono osalilima, anthu n'kumachikankhira tizikuni m'mbali mpaka adzukulu anyamuke mbandakucha kupita kumanda. Pamoto umenewo ndi pomwe amakambirana za mwambo wa mawa, pomwe achibale amene anasiya kuyankhulana amapezeka atakhala moyandikana, pomwe mnyamata amamva koyamba mbiri ya mtundu wake.

Ndakhalapo pamaliro ena kumene chikuni chotere chinasowa. Anyamata ankathamanga uku ndi uku kutola mapesi ndi zitsononkho, moto n'kumabuka kamphindi n'kuzilala, ndipo pakati pa usiku anthu anayamba kuzemba mmodzimmodzi chifukwa cha kuzizira. Anamfedwa anatsala ndi ochepa. Palibe amene anali ndi mtima woipa. Kunalibe moto woti uwasunge. Pamene tikuwerengera mahekitala a nkhalango yotayika, izi sizilowa m'chiwerengero, koma kwa ine n'zolemera chimodzimodzi. Thobwa la paukwati, mowa wa pachikumbutso, mgolo wa nyemba wa pamsonkhano wa mpingo, zonsezi zimafuna moto waukulu wokhalitsa, ndipo moto wotere umachokera ku mtengo umene wina anaulola kukalamba.

Zowazazo tinaziunjika mendulo pakhonde la khitchini, titayala mitengo iwiri pansi kuti chiswe chisakwere, makungwa akuyang'ana kumwamba, mipata yodutsa mphepo ilipo. Nkhuni yaiwisi imalira thovu kumapeto, imafuka utsi wolowa m'maso ndi m'chifuwa cha wophika, ndipo moto wake wambiri umathera kuumitsa madzi a mkati mwake. Youma bwino mukaigunditsa ndi inzake imalira ngwe, ndipo imapepuka m'manja. Za mango zinafuna chilimwe chonse. Achemwali anagula chitetezo mbaula, ija youmba ndi dothi, ndipo anaona okha kuti mulu ukutsika pang'onopang'ono kusiyana ndi pamafuwa. Komabe unatsika. Mtengo umene unakula zaka zoposa 60 sunaphike zaka ziwiri. Ndimabwerera ku masamu amenewa kawirikawiri, chifukwa ndi omwewo pa mtengo uliwonse waukulu umene ukugwa m'boma lino, kaya wagwa ndi mphepo kaya ndi makina.

Chimene chimandipatsa mtima n'chakuti nkhalango yathu siifa msanga. Mombo, msuku, naphini ndi mitengo yambiri yachilengedwe ikadulidwa, chitsa chimaphukanso, pakuti mizu yake yakale ikadali ndi moyo pansi. Mphukira yotere imakula msanga kuposa mbande ya m'chubu, ndipo chilala siichiopa kwambiri. Imene imaipha ndi mbuzi, moto wolusa wa m'chilimwe, ndi khasu la munthu wozula zitsa kuti nazonso aotche makala. M'mphepete mwa nkhalango ya Thambani ndi m'mapiri ena muli malo amene anthu anangoleka kutema ndi kutentha kwa zaka zingapo, ndipo lero mukayendamo mumamva mthunzi. Ku Kam'mwamba, m'zaka za m'ma 1990, anthu anayamba kupanga chakumwa cha malambe ndi bwemba mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, kuti mtengo woimirira uzibweretsa ndalama. Sizinathetse makala, koma zinaonetsa kuti n'zotheka. Lamulo la 1997 lomwe lija limalolanso mudzi kupatula nkhalango yakeyake pansi pa amfumu, n'kuika malamulo a kadulidwe.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo chaka chilichonse mbande zambiri zimalowa m'nthaka. Zambiri mwa izo n'zokula msanga, zodulidwa zikangokwana mlimo, ndipo n'zofunika, pakuti mphika sudikira. Koma m'mudzi muyenera kukhalanso mitengo ingapo imene aliyense akudziwa kuti siidulidwa m'badwo uno. Inu amene muli ndi zitsa m'munda, musazizule; sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo muthyole, ndipo mulambule mozungulira moto usanafike. Inu mafumu a kwa Nthache, kwa Kanduku ndi kwa Govati, wamakina asayatse makina ake m'mudzi asanaonekere pabwalo panu. Ndipo inu amene muli ndi mango kapena bwemba wakale pakhomo, wogula zipika akabwera ndi ndalama m'manja, muitane kaye mbumba yonse, ana omwe, musanamuyankhe.